MLANDU SUWOLA: Mawu Olankhulidwa kwa Akhristu ndi Akatekisti pa Tsiku la Jubili



Tsiku la Jubili ndilo tsiku la kukumbukira. Lero tatchula maina a iwo amene anaumba njerwa zoyamba, ndi a iwo amene anaphunzitsa katekisimu pansi pa mtengo tchalitchi lisanamangidwe, ndipo nkoyenera kutero. Abambo a Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo Abambo Oyera anamanga ku Mua mu 1902. Kuyambira masiku amenewo Eklezia wakhala pakati pa anthu a dziko lino, naona zimene iwo anaona, zokoma ndi zowawa zomwe. Chifukwa chake sitingakumbukire njerwa zokha. Tifuna kunena nanu za zinthu zitatu: chikumbukiro cha anthu, lamulo la dziko, ndi ufulu umene munthu aliyense abadwa nawo. Zitatuzi zili ngati mafuwa a pamoto. Mukachotsa limodzi, mphika ugwa.

I. ZA BWALO LA MAKOLO ATHU

Makolo athu analibe mapepala, koma malamulo anali nawo, ndipo buku lawo la malamulo linali mitima ya okalamba. Pakabuka mkangano wa munda, mfumu inkaitana iwo amene analipo tsiku limene mundawo unagawidwa, ndipo iwowo ankaloza mtengo kapena chulu chimene chinali malire. Ukwati ukagwedezeka ankaitana ankhoswa, pakuti ndiwo anamva mawu a mbali zonse ziwiri pachiyambi. Munthu wosauka, wopanda abale amphamvu, chitetezo chake chinali chimodzi, ndicho chakuti pamudzi pali anthu okumbukira ndi osaopa kunena. Nchifukwa chake akale anati mlandu suwola. Zingapite zaka zambiri, angamwalire wolakwa ndi wolakwiridwa yemwe, adzukulu ankatha kuutula pabwalo, ndipo akulu ankaumva.

Koma tisakometse zakale koposa muyeso wake. Bwalo lomwelo linkamwetsa anthu mwavi. Ndipo banja lolephera kulipa mlandu linkapereka mwana kuti akhale chikole, ana ambiri otere osabwereranso kwawo. Chikumbukiro chimene chinasunga malire a munda chinasunganso udani wa mabanja kufikira mbadwo wachitatu. Chotero chikumbukiro pachokha sichikwanira. Chifuna lamulo loyesa anthu onse ndi muyeso umodzi, mwana wa mfumu ndi mwana wa kapolo.

II. ZA CHILAMULO CHA MOSE

Tikatsegula Malembo Oyera tipeza kuti Mulungu anamanga lamulo lake pa chikumbukiro. M'buku la Deuteronomo, mutu 24, muli malamulo otchinjiriza mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, pabwalo la milandu ndi pa nthawi yokolola. Ndipo chifukwa chimene chaperekedwa pa malamulowo ndi chakuti Aisraele eni ake anakhalapo akapolo ku Ejipito. Anthu amene analawa chikoti analamulidwa kuti asachiiwale, kuti dzanja lawo lisachitole.

Ndipo dzina lenilenilo la Jubili lichokera ku lamulo lotere. M'buku la Levitiko, mutu 25, timva kuti chaka cha 50 chilichonse lipenga linayenera kulira m'dziko lonse, munda wogulitsidwa chifukwa cha umphawi ubwerere ku banja la mwini wake, ndi Mwisraele amene anadzigulitsa chifukwa cha ngongole abwerere kwa abale ake. Tsono taganizani, abale: munda ukadabwezedwa bwanji patapita zaka 49, pakadapanda wina wokumbukira mwini wake woyamba? Lamulo la Jubili linali kutsamira pa anthu osunga maina. Pamene maina aiwalika, lipenga lingolira chabe, ndipo wolanda akhala nacho chimene analanda.

III. ZA UKAPOLO, THANGATA NDI CHAKA CHA 1959

Dziko lathu nalonso lili ndi Ejipito wake. M'masiku a Jumbe wa ku Nkhotakota, anthu ankamangidwa m'magoli, naolotsedwa nyanja m'zombo, nayendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa. Mu Julaye 1861 David Livingstone ndi Episkopi Mackenzie anamasula anthu 84 pa mudzi wa Mbame, napita nawo ku Magomero. Boma la Angerezi linakhazikika mu 1891, ndipo mu Disembala 1895 linga la Mlozi pafupi ndi Karonga linagwa. Lamulo linathetsa malonda a anthu, ndipo chimenecho tichiyamika.

Koma Boma lomwelo linadza ndi msonkho wa nyumba, ndipo m'minda ya Azungu munabuka thangata, munthu kugwira ntchito miyezi kuti alipire malo amene anamangapo nyumba yake. Pa 23 Januwale 1915 John Chilembwe ndi anthu ake anaukira. Iye anaphedwa pa 3 Febuluwale, ambiri a iwo anapachikidwa kapena kuwomberedwa, ndipo tchalitchi lake la ku Mbombwe linagwetsedwa. Lamulo la masiku amenewo linamutcha wopanduka, nilitseka mlandu. Koma anthu sanautseke. Anausunga m'mitima mwawo, thangata linathetsedwa mu 1962, ndipo lero 15 Januwale ndi tsiku lake, nkhope yake ili pa ndalama zathu. Komabe ife Akatolika tikumbukiranso kuti m'masiku omwewo misoni ya Nguludi inatenthedwa, wansembe navulazidwa kwambiri. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo chikumbukiro cholungama chizisenza zonse, osatula imodzi panjira.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anatsekeredwa popanda mlandu. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay khamu linasonkhana padoko, pamene omangidwa anali m'sitima ya Mpasa, ndipo asilikali anawombera. Boma la ku London linatuma woweruza Patrick Devlin ndi anzake kudzafufuza. Lipoti lawo la Julaye 1959 linawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko lonse, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, ngakhale anthu a kumeneko amawerenga oposa pamenepo. Linanenanso poyera kuti Nyasaland anasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma silinakondwe nalo lipotilo, koma linalembedwa, ndipo lilipo kufikira lero. Taonani phindu la kulemba: wamphamvu angakane, pepala likhalabe mboni.

IV. ZA ZAKA ZA CHIPANI CHIMODZI

Pa 10 Disembala 1948, maiko a dziko lapansi, atatuluka m'nkhondo yoopsa imene anthu mamiliyoni anaphedwa chifukwa cha mtundu wawo, anagwirizana ku Paris pa chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense. Chikalatacho chinabadwa ku chikumbukiro cha manda. Papa Yohane XXIII anachiyamika m'kalata yake ya Pacem in Terris mu 1963. Ndipo dziko lathu litalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, Malamulo Aakulu a 1966 anachitchula chikalatacho, nalonjeza kuchilemekeza.

Tsono imvani chimene chinachitika. Malamulo omwewo a 1966 analola chipani chimodzi chokha. Panali lamulo lotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu, ndipo ndende za Dzeleka ndi Mikuyu zinadzaza. Panali lamulo la 1966 lolanda katundu wa munthu pa mawu a Boma okha. Lamulo la 1969 linapatsa makhoti a miyambo mphamvu yoweruza milandu ya imfa, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. M'khoti lotere Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko lino, ndi mkazi wake Vera, atagwidwa mu Disembala 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatuluka mu Januwale 1993.

A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa anakana kugula khadi la chipani. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa ndi kuphedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chikhulupiriro chawo sichathu. Koma chikumbumtima cha munthu chili m'manja mwa Mulungu, ndipo moto umene unanyeketsa denga lawo ukadatha kunyeketsa lathu. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafera ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati yachitika ngozi ya galimoto, ndipo abale awo sanaloledwe kulira maliro monga mwa mwambo. Dziko lonse linakayika, koma aliyense anatseka pakamwa.

Zambiri mwa izi, abale, zinachitika ndi mapepala osainidwa ndi zidindo. Mukumbukira za Naboti m'buku loyamba la Mafumu, mutu 21: panali makalata, panali msonkhano wa akulu, panali mboni ziwiri monga lamulo lifunira, koma zonsezo zinali chophimba cha kupha munthu ndi kulanda munda wake. Lamulo likatayana ndi ulemu wa munthu lisanduka nkhwangwa m'dzanja la wamphamvu, ndipo chinthu choyamba chimene lidula ndi lilime la mboni. Munthu akatengedwa usiku, dzina lake silinkatchulidwanso ngakhale pa chitsime. Koma amayi anasunga malaya a amuna awo m'sutikesi, ana anauzidwa monong'ona, ndipo mlandu sunawole.

V. ZA KALATA YA LENTI NDI MALAMULO ATSOPANO

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Ambuye Aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, ndipo kumene kunalibe wansembe anaiwerenga akatekisti. Kalatayo sinaulule chinsinsi chilichonse. Inangonena mokweza zimene aliyense anali kudziwa kale: za malipiro ochepa, za sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha. Mphamvu yake inali yakuti munthu aliyense, pomva mnzake akuvomera pambali pake, anazindikira kuti sakumbukira yekha. Boma linaitcha kalata youkira. Ambuye James Chiona ndi anzawo anafunsidwa kwa apolisi, nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma mipingo ina ndi Asilamu anaimirira pamodzi nafe, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la Public Affairs Committee linabadwa.

Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege mu Epulo 1992. Pa apilo yake mu 1993, Khoti Lalikulu la Apilo, ngakhale silinamumasule, linavomera kuti chikalata cha 1948 chija chili mbali ya malamulo a Malawi, chifukwa cha mawu aja a 1966. Mawuwo anagona zaka 27 ngati mbewu m'nthaka youma, nadzuka pamene panapezeka owakumbukira. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinasankha Boma latsopano.

Tsopano tikupemphani, akatekisti, mutsegule mutu wachinayi wa Malamulo Aakulu a dziko lathu, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo muwawerenge monga munthu awerenga zipsera za pathupi pake. Ndime 19 iletsa kuzunza munthu. Kumbuyo kwake kuli Mikuyu. Ndime 27 iletsa ukapolo, ntchito yokakamiza ndi ntchito yomangirira munthu kwa mwini malo. Kumbuyo kwake kuli goli ndi thangata. Ndime 28 iletsa kulanda katundu wa munthu mwachisawawa. Kumbuyo kwake kuli nyumba ndi masitolo olandidwa. Ndime 32 inena kuti munthu asakakamizidwe kulowa bungwe lililonse. Kumbuyo kwake kuli khadi limene ankafunsa pamsika ndi pokwera basi. Ndime 33 itchinjiriza chipembedzo ndi chikumbumtima. Kumbuyo kwake kuli a Mboni. Ndime 42 ilamula kuti womangidwa aonekere pamaso pa khoti maola 48 asanathe, ndi kuti akhale ndi womuimira. Kumbuyo kwake kuli onse amene anakhala zaka m'ndende osauzidwa mlandu wawo. Ndime iliyonse ili ndi munthu amene anailipira. Mwana wosadziwa mbiriyi adzayesa ndimezo mawu a Chingerezi chabe, ndipo tsiku limene wina adzafuna kuzifafaniza, iye sadzadandaula.

VI. ZIMENE LAMULO LIKHOZA NDI ZIMENE SILIKHOZA

Boma latsopano linaika bungwe lofufuza za ku Mwanza, lotsogoleredwa ndi woweruza Michael Mtegha, ndipo lipoti lake la Januwale 1995 linapeza kuti anthu anayi aja anachita kuphedwa ndi apolisi. Mlandu unazengedwa, mu Disembala 1995 khoti linamasula Dr. Banda, a John Tembo ndi anzawo, pakuti umboni wakuti iwo ndiwo analamula sunakwanire. Mu Januwale 1996 Dr. Banda anapepesa ku mtundu wonse chifukwa cha zowawa zimene zinachitika m'nthawi yake. Ambiri anakhumudwa ndi chigamulocho. Koma timvetse bwino. Khoti lifunsa funso lopapatiza: kodi munthu uyu, pa umboni uwu, wapezeka wolakwa? Ndipo chitetezo chimenechi ndicho chomwe Orton Chirwa anamanidwa. Sitingachifunire abwenzi athu okha. Chotero munthu amene khoti lamumasula sitimuweruza ndife. Komanso kumasulidwa kwake sikusandutsa imfa zija kukhala ngozi ya galimoto. Khoti litseka fayilo. Choona chimene chapezeka chikhala m'manja mwa anthu kuti achisunge.

Malamulo Aakulu anakhazikitsanso bwalo lapadera la chipepeso, National Compensation Tribunal, lakuti ozunzidwa m'zaka zija akatuleko madandaulo awo. Madandaulo oposa 20,000 anafika. Koma bwalolo linapatsidwa zaka 10 zokha, ndipo linatsekedwa ambiri atangolandira kachigawo kochepa, ena osalandira kanthu. Mu 2017 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lonena kuti ntchitoyo inasiyidwa panjira ndipo mabala a anthu sanapole. Apa lamulo la mapepala linati nthawi yatha, pamene mwambi wa makolo unati mlandu suwola. Ndipo pali bwalo lina limene linagwirizana ndi makolo athu: bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, pomva dandaulo la Aleke Banda ndi la banja la Chirwa, linagamula kuti Boma latsopano lilowa m'ngongole za Boma lakale, monga wolowa chokolo alandira ana ndi milandu yomwe. Patapita zaka zowerengeka Vera Chirwa mwini wake anasankhidwa kukhala m'bungwe lomwelo, nayendera ndende za maiko a Africa.

Ku South Africa, kuyambira 1996, bungwe la choona ndi chiyanjano lotsogoleredwa ndi Arkiepiskopi Desmond Tutu linamva anthu akusimba poyera zimene zinawagwera. Kuno bungwe lotere silinakhazikitsidwe. Kotero nkhani zambiri zili m'mitima ya okalamba okha, ndipo chaka chilichonse tiwaperekeza kumanda pamodzi ndi zimene adziwa.

Tidziwa kuti m'tchalitchi muno sitikumbukira mofanana. Ena akumbukira misewu, chimanga chodzaza nkhokwe, Yunivesite ndi mzinda wa Lilongwe, ndipo amapita kukaona chiliza cha Kamuzu chimene chinatsegulidwa mu 2006. Ena akumbukira galimoto imene inaima pakhomo usiku. Pa benchi limodzi pakhala mdzukulu wa womangidwa ndi mdzukulu wa Payoniya, ndipo onse alandira Ukaristia umodzi. Sitiuza wina kuti aiwale msewu. Koma msewu sulipira moyo wa munthu, ndipo mwana sasenza mlandu wa atate ake. Tichenjerenso ndi chikumbukiro cha chigawo. Mu 1989 aphunzitsi a Kumpoto anabwezedwa kwawo, ndipo bala limenelo ndi loona; koma m'ndende zija munali anthu a zigawo zonse zitatu. Wokumbukira akufa a mtundu wake okha akunola mkondo, ngakhale ayese kuti akulira maliro.

Kodi tsono chikhululukiro chili kuti? Inu akatekisti muphunzitsa ana kuti pa Sakramenti la Kulapa tchimo litchulidwa dzina lake, ndipo chobedwa chibwezedwa. Zakeyo sanapemphe anthu a ku Yeriko kuti aiwale, anabweza kanayi. Papa Yohane Paulo II, amene anatichezera mu Meyi 1989, pa Jubili Yaikulu, pa 12 Malichi 2000, anatchula poyera zolakwa za ana a Eklezia m'zaka zakale, napempha chikhululukiro kwa Mulungu. Kukhululuka ndiko kutaya mkondo wobwezera; sikukwirira choona. Bala lomangidwa lisanatsukidwe limatukusira m'kati.

VII. NTCHITO IMENE TIKUSIYIRANI

Musayese kuti izi ndi zakale zokha. Pa 20 Julaye 2011 ndi tsiku lotsatira anthu 20 anafa pa zionetsero, Malamulo atsopano alipo kale. Kuyambira 2014 abale athu achialubino anasakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo alemeretsa. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi khamu powanenera ufiti, ngakhale lamulo linaletsa mwavi ndi kuneneza munthu ufiti kuyambira 1911. Zotere sizichitikira ku likulu kokha. Zichitika m'midzi imene inu muimbamo belu.

Chifukwa chake tikusiyirani ntchito zinayi.

Yoyamba: pitani kwa okalamba a m'miphakati yanu ndi kope ndi cholembera. Yambani mwapempha chilolezo. Wosafuna kunena musamukakamize, pakuti bala ndi lake. Wofuna kunena, lembani dzina lake, mudzi ndi chaka, ndipo mulekanitse zimene anaona ndi maso ake ndi zimene anangomva. Musawonjeze mchere, ndipo musalembe dzina la munthu monga wolakwa pa mphekesera chabe, pakuti lamulo lachisanu ndi chitatu limanga wolemba monga limanga mboni pabwalo. Makopewo abwere ku ofesi ya parishi.

Yachiwiri: samalani mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro, kuti chiswe ndi mvula zisawadye. Mkazi wamasiye amene abale a mwamuna afuna kumulanda nyumba, ndi mwana wofuna kutsimikiza kubadwa kwake, nthawi zina mboni yawo ndi mzere umodzi umene katekisti analemba ndi dzanja lake.

Yachitatu: m'mwezi wa Novembala, popempherera akufa, tchulani maina a iwo amene anafera m'ndende ndi kuchilendo, ndi a iwo amene manda awo sadziwika, angakhale anali a mpingo wina kapena chipani china.

Yachinayi: phunzitsani achinyamata ndime zija pamodzi ndi mbiri yake, ndipo munthu akalakwiridwa musamuuze kuti angopirira. Mperekezeni kwa mfumu, ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere, ku khoti, kwa Ombudsman kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu. Khamu likazinga nyumba ya gogo, katekisti asakhale womaliza kufika.

Abale okondedwa, iwo amene anayamba misoni ino anatisiyira buku la maina, pokhulupirira kuti munthu aliyense, ngakhale khanda limene linakhala tsiku limodzi, ayenera kulembedwa, pakuti analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Pamenepo ndiye pali muzu wa ufulu wa munthu. Boma siliupereka, chotero silingaulande. Lingathe kuuvomera kapena kuupondereza basi. Iwo amene adzasonkhana pano pa Jubili ikudzayo adzatsegula makope athu monga ife tatsegula a makolo athu. Apezemo maina onse.

Mulungu wa chilungamo ndi mtendere, amene saiwala misozi ya wosauka, asunge inu ndi mabanja anu, apumitse mu mtendere mizimu ya akufa athu, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi. Amen.